Nyimbo ikachuka, woipeka adyapo ciani?

Aliyense amene wayendapo m'tinjira ta ku Nakoli pa Ciweru masana adziwa kuti komboni yathu siigona ndi njala ya nyimbo. Pa kantemba ka wometa tsitsi pakulira Yo Maps, pa bala pakulira kalindula wakale, kuseri kwa chalichi a kwaya akuyeseza ya pa Sondo, ndipo atsikana aunjikana pa foni imodzi kuonerera anyamata a ku Korea akubvina ngati anamangidwa pa cingwe cimodzi. Mukawafunsa maina a oimba onsewa, adzakuchulirani osapuma. Koma afunseni kuti nyimboyo anaipeka ndani, ndipo anaikonza mu situdiyo ndani. Apo mpamene pamangoti zii.

Munthu wosachulidwayo ndiye tifuna kukambapo lero. Nthawi zina amakhala anthu awiri, nthawi zina mmodzi yemweyo. Wopeka ndi amene amabweretsa mau ndi kamvekedwe ka nyimbo. Pulodyusa ndi uja amakhala pa makina mpaka usiku, kusankha ng'oma, kuika gitala pamalo pake, ndi kuuza woimba kuti mzere uwu bwerezanso, sunamveke. Inu alimi mudzamva msanga tikati woimba ali ngati mai wogulitsa tomato pamsika, amene aliyense amuona ndi kumupatsa moni, pamene wopeka ndi pulodyusa ndiwo anali ku dimba ndi keni yothirira m'manja.

Cimene catikumbutsa nkhaniyi cinacitika mu Okutobala 2024. Woimba wa ku America, Tyler, The Creator, anatulutsa nyimbo yochedwa Noid, ndipo m'kati mwake munamveka liu loimba m'Cinyanja. Linali liu la malemu Paul Ngozi, lotengedwa mu nyimbo ya Ngozi Family yochedwa Nizakupanga Ngozi, ya pa cimbale ca 45,000 Volts ca mu 1977. Cimbale ca Tyler, Chromakopia, cinakhala pa nambala 1 ku America sabata imene cinatuluka. A Ngozi anamwalira mu 1989. Papita zaka zoposa makumi atatu ali m'manda, koma nyimbo yao inadzuka nkukagwira nchito ku dziko limene ambiri a ife sitidzapondako.

Ambiri tinakondwera, ndipo kunali koyenera. Koma cimene ife tinaonapo cacikulu si kunyada kwakuti Cinyanja camveka ku Los Angeles ai. Ndi cakuti dzina la a Ngozi linalembedwa pakati pa eni a nyimbo yatsopanoyo. Linalembedwa cifukwa kale mu 1977 wina anadinda dzinalo pa cimbale, ndiye wofuna kubwereka anadziwa khomo logogodapo. Cikhala kuti cimbale cija cinangotuluka copanda dzina, monga zitulukira nyimbo zambiri za makwaya athu, bwenzi lero tikungouzana m'mabala kuti liu lija likumveka ngati la uje.

Acikulire akumbukira nyengo ija. Capakati pa zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zolira pa wailesi zikhale za m'Zambia muno. Ku Ndola kunali Teal Record Company yodinda mbale, kunalinso Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo, amene ankafunafuna magulu ndi kuwalipirira kujambula. Ku Lusaka kunali DB Studios. WITCH, Musi-O-Tunya, Amanaz, Ngozi Family, a Keith Mlevhu amene ankatha kuliza okha zoimbira zonse pa cimbale cao, onsewa anaphuka pa nthawiyo. Kenaka mtengo wa kopa unagwa, ndalama yogulira mbale inasowa m'matumba a anthu, matenda a Edzi anatenga oimba ambiri, ndipo fakitale ya mbale inatseka. Matepi oyambirira a nyimbo zina anatayika, kotero kuti pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso nyimbozi ca m'ma 2010, zina anacita kuzitapa pa mbale zakale zokandika. A Emmanuel Jagari Chanda a WITCH, amene kale ankadzaza maholo, anawapeza akukumba miyala ya mtengo kuti adyetse banja. Anabwerera pa siteji ya ku Ulaya ali ndi imvi.

Tsopano tiyeni tione kumene ana athu akuyang'ana pa mafoni aja. Mu 1964, caka cimene ife tinalandira ufulu, opeka nyimbo a ku South Korea anakhazikitsa bungwe lao lochedwa KOMCA, loti lizitolera ndalama paliponse pamene nyimbo yagwiritsidwa nchito ndi kuzigawa kwa eni ake. Wailesi imalipira, kanema imalipira, makampani a pa intaneti amalipira, ngakhale tizipinda timene anthu a kumeneko amalowamo kukaimba nyimbo za ena pa maikolofoni tilipira. Mu 2023 bungweli linatolera ndalama za kwao zoposa 400 biliyoni won. Ndalama imeneyo siyendera nkhope ya amene waonekera pa kanema. Iyendera dzina limene linalembedwa m'kaundula pa tsiku limene nyimbo inalembetsedwa.

Pali mwamuna wina kumeneko dzina lake Kang Hyo-won, wodziwika ndi dzina lakuti Pdogg. Atsikana a ku Nakoli amene aloweza maina asanu ndi awiri a anyamata a BTS sangamuzindikire ngakhale atakwera naye minibasi imodzi yopita ku tauni. Mu 2007 Bang Si-hyuk, mwini wa kampani ya Big Hit imene inali yaing'ono pa nthawiyo, anamva nyimbo zimene mnyamatayu ankapeka namutenga. BTS itayamba mu 2013, Pdogg ndiye anali pa makina, ndipo dzina lake lili pa nyimbo zao zambiri. Kuyambira mu 2019 mpaka 2023, caka ciliconse KOMCA inamupatsa mphoto ya wopeka amene walandira ndalama zambiri za umwini kuposa onse. M'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ya 2021 analandira pafupifupi 40 biliyoni won ku kampani yake, kuposa akuluakulu a makampani opanga magalimoto ndi mafoni a m'dzikolo. Gawo lalikulu la ndalamayo silinali malipiro a pamwezi. Linacokera ku masheya amene kampani inamulonjeza kale. Kunena mwa ciZambia, sanalembedwe ganyu, anapatsidwa mbali ya munda.

Winanso ndi mai wochedwa EJAE. Iyeyu anakhala zaka pafupifupi khumi akuphunzitsidwa kuimba ndi kubvina pa kampani ya SM, koma kampaniyo siinamuike pa siteji. Kwathu kuno tikanati walephera, abwerere kwao akakwatiwe. Iye anatembenukira ku kupeka. Anathandiza kulemba Psycho ya gulu la Red Velvet mu 2019, ndipo mu 2025 nyimbo ya Golden, imene analemba nao ndi kuiimba mu filimu ya KPop Demon Hunters, inafika pa nambala 1 ku America.

Sitikuti ku Korea ndi ku Kenani. Makampani a kumeneko akhala akumanga ana aang'ono ndi mapangano a zaka zambirimbiri, mpaka mu 2009 boma linacita kulowererapo ndi kuika malire a zaka zisanu ndi ziwiri. Pa mwana mmodzi amene wachuka pali ambiri amene anataya sukulu ndi ubwana wao wonse nkutuluka manja lende. Makolo amene mwana wao akulota za kumeneko aziziwe zimenezi. Koma pa cinthu cimodzi anzathuwa anatisiya patali: kumeneko kupeka nyimbo ndi nchito imene munthu angakalambe nayo, nkusiyira ana ake.

Nafenso tinayesapo. Mu 1999 a Chisha Folotiya anayambitsa Mondo Music, ndipo nyimbo za ciZambia zinabwereranso pa wailesi patapita zaka zambiri tikubvina rumba ya ku Congo ndi kwaito ya ku Joni. Daddy Zemus, Black Muntu, JK, Shatel, amenewa tonse tiwakumbukira. Ocepa ndi amene akumbukira kuti kuseri kwa nyimbo zambiri za nthawi imeneyo kunali opanga ngati a Joe Chibangu, amene anali woimba, wopeka ndiponso pulodyusa, ndipo anatisiya mu 2017. Cimene cinafooketsa nchito ija ticidziwa, ndipo pano tisaloze cala kutali. Ndife tomwe tinkagula makaseti ndi ma CD okopera pa siteshoni ya basi cifukwa anali ochipa. Ndife tomwe lero timapereka memori khadi kwa mnyamata wa pa kantemba kuti atidzazire nyimbo mazana awiri pa mtengo wa botolo la zoziziritsa kukhosi. Ena a ife tikatero timalowa m'chalichi nkukaimba za cilungamo ndi mau okweza. Boma linabweretsa kacizindikiro konyezimira ka hologram mu 2013 kuti CD yeniyeni izidziwika, koma kanafika pamene CD yomweyo inali kutsazika, nyimbo zitasamukira m'mafoni.

Lamulo lilipo. Mu 1994 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza umwini wa zopeka ndi zoimba, ndipo mu 1996 kunabadwa bungwe la ZAMCOPS, limene nchito yake ndi yofanana ndi ya KOMCA: kupereka ziphaso kwa mawailesi, mahotela, mabala ndi ena oliza nyimbo pagulu, ndi kugawa ndalamazo kwa eni nyimbo. Oimba akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti cimene cifika m'manja mwao ncocepa, ndipo bungwelo nalo lakhala likudandaula kuti oliza nyimbo ambiri salipira. Ife tiona kuti onse awiri akunena zoona. Mwini bala amene sangayerekeze kugulitsa mowa popanda ciphaso ca khonsolo amaona ngati cipongwe akauzidwa kuti alipirire nyimbo, cikhalirenico ndi nyimbo yomweyo imene yakhazika makasitomala ake pa mpando mpaka pakati pa usiku. Tazimitsani wailesi ija muone ngati akhala.

Koma bvuto lina liyambira kunyumba kwa wopeka mwiniyo, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza ife a m'mipingo. Bungwe silingagawire ndalama munthu amene dzina lake silili m'buku lililonse.

Taganizani momwe zimayendera m'maparishi ndi m'mipingo yathu ya muno m'Kabwe, kaya ndi ku Nakoli, ku Makululu, ku Bwacha kapena ku Katondo. Kwaya iganiza zojambula cimbale. Azimai aphika, azibambo asonkha, ena agulitsa thumba la cimanga, ndalama ikwana. Nyimbo khumi zimene akajambule, mwina zisanu ndi imodzi anapeka ndi mphunzitsi wa kwaya, munthu amene masana amasoka nsapato kapena kulima kamunda kake kunja kwa tauni, ziwiri anapeka mai wina wa alto amene sakonda kuonekera, zotsalazo anazimva ku msonkhano wa makwaya ndipo palibe akumbuka mwini wake. Apita ku situdiyo ya m'cipinda ca kuseri kwa nyumba, mnyamata wa pa kompyuta aika kiyibodi ndi ng'oma, alipidwa, basi. Pa cikuto alemba dzina la kwaya, la parishi, la abambo mfumu kapena abusa, ndi la mlendo wolemekezeka amene adzabwere pa tsiku lokhazikitsa. La wopeka mulibe. Akafunsa, amuuza kuti usadzikweze, mphatso ndi ya Mulungu.

Mphatso ndi ya Mulungu, inde, monganso mvula ndi nthaka. Koma sitinamvepo mlimi akuuzidwa kuti asalembe dzina pa matumba ake ku depoti ya FRA cifukwa mvula inagwa yaulere. Nyimbo yoimbidwa pa Misa kapena pa maliro ndi copereka, ndipo palibe wopeka wa nzeru zake amene angaime pakhomo la chalichi ndi mbale yolipiritsa. Koma tsiku limene nyimbo ija yaikidwa pa YouTube, yagulitsidwa pa fulashi, yalira pa wailesi, kapena yatengedwa ndi woimba wa ku Lusaka nkuisintha pang'ono, yasanduka katundu, ndipo pali wina amene akudyapo. Kawirikawiri amakhala uja anaikweza pa intaneti m'dzina lake, cifukwa makampani a pa intaneti amalipira amene anatsegula akaunti, safunsa za mai wa alto.

Apa pali cinthu cimene ambiri sitisiyanitsa. Mu nyimbo iliyonse yojambulidwa muli umwini wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa nyimbo yeniyeniyo, mau ndi kamvekedwe kake, ndipo umenewu ndi munda. Waciwiri ndi wa kujambula kumene kunacitika tsiku lakutilakuti mu situdiyo, ndipo umenewu ndi zokolola za caka cimodzi. Kwaya imene inasonkha ndalama ingakhale mwini wa zokololazo, palibe colakwika. Koma munda ukhalabe wa wopeka pokhapokha ataugulitsa yekha polemba. Kwaya ina ikadzajambulanso nyimbo yomweyo patapita zaka khumi, yalima m'munda mwake, ndipo iyenera kupempha.

Mnyamata wa pa kompyuta uja nayenso ali ndi mlandu wake, ndipo amadzilakwira yekha. Anyamata ambiri opanga mabiti muno m'tauni amagulitsa nchito yao kamodzi nkuiwala, cifukwa lendi ikufunika lero ndipo mayunitsi a magetsi atha. Timawamvetsa. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma alimi adziwa bwino cimene cimacitika ukagulitsa cimanga mu Epulo kwa aja oyenda ndi sikelo m'midzi: pofika Disembala ukacigulanso comweco pa mtengo wowirikiza. Pulodyusa amene walandira ndalama yocepa lero nkulembetsa kuti ali ndi gawo mu nyimboyo ali pabwino kuposa amene walandira yambiri nkusiya dzina lake panja.

Kuti zimenezi nzotheka kwa mwana wa m'Zambia taziona kale. Magnus Mando, wodziwika kuti Mag44, anayambira m'nyimbo za uthenga wabwino, akupanga zake ndi za Pompi. Mu 2022 ndiye anakonza cimbale ca Sampa the Great cochedwa As Above, So Below, ndipo nyimbo ya pa cimbaleco, Never Forget, imene ikumbukira oimba a m'ma 1970 aja, inamveka pa dziko lonse mu kanema wolengeza filimu ya Black Panther: Wakanda Forever. Dzina lake linayenda pamodzi ndi nyimboyo kulikonse kumene inapita.

Ife a ku Kabwe sitiyenera kucita kuphunzitsidwa za dzina losalembedwa. Mu 1921, mu mgodi wa Broken Hill, munapezeka cigaza ca munthu wakalekale cimene cinachukitsa tauni ino m'mabuku a dziko lonse. Mabukuwo amachula Tom Zwiglaar, mzungu wa ku Switzerland amene anali pa nchito tsikulo. Munthu wakuda amene anali naye pokumba sanalembedwe dzina, ndipo mpaka lero amangoti wanchito wina. Cigazaco cinapita ku London. Mtovu ndi zinki nazo zinapita kwa zaka pafupifupi 90, mgodi unatseka mu 1994, ife tinatsala ndi fumbi limene likudwalitsa ana. Tikamaona nyimbo za ana athu zikutuluka m'komboni zopanda maina, tiziona njira yomweyo.

Cofunika pano si ndalama zambiri kapena loya. Kwaya iliyonse ili ndi mlembi, ndipo mlembi ali ndi buku. Asanakwere basi yopita ku situdiyo, alembe pa nyimbo iliyonse kuti mau analemba ndani, kamvekedwe anapeka ndani, ndipo ngati anathandizana, agawana bwanji. Alembe kuti pulodyusa walipidwa zingati, ndiponso ngati ali ndi gawo kapena alibe. Alembe kuti mafailo a nyimbo asunga ndani, cifukwa kompyuta ya mu situdiyo ikapsa ndi magetsi obwera mwadzidzidzi, nchito ya caka conse yapita, monga anapitira matepi a m'ma 1970. Alembe kuti akaunti ya pa intaneti idzatsegulidwa m'dzina la yani. Onse asaine, wapampando wa parishi acitire umboni, ndipo wopeka akalembetse nyimbo zake ku ZAMCOPS. Nyimbo imene mwini wake sadziwika ailembe kuti si yathu, m'malo moibatiza dzina la kwaya. Tidziwa kuti ena adzati mapepala abweretsa kukaikirana pakati pa abale. Ife taona makwaya ambiri akugawikana cifukwa ca ndalama ya cimbale imene panalibe pepala kusiyana ndi amene anagawikana cifukwa pepala linalipo.

Aphunzitsi a kwaya amene akalamba, amene nyimbo zao zaimbidwa pa maliro ndi pa maukwati kwa zaka makumi atatu, ana ao akhale nao pansi akali moyo, alembe mndandanda wa zonse zimene anapeka, ndi kuwajambula pa foni akuziimba okha.

Lamulo la 1994 linati umwini wa nyimbo ukhala moyo wonse wa wopeka ndi zaka zina 50 iye atamwalira, ndipo m'zaka zimenezo olowa m'malo mwake ndiwo eni. Mwa kuwerengera kumeneko, banja la a Paul Ngozi lili ndi nthawi mpaka 2039. Koma tikumbukirenso wina wa m'cigawo cathu cino ca Pakati. A Alick Nkhata, amene anayenda ndi Hugh Tracey kujambula nyimbo za m'midzi nkhondo yaciwiri itatha, napeka ndi kuimba nyimbo za Cinyanja ndi Cibemba pa wailesi ya ku Lusaka kuyambira m'ma 1950, anapuma nchito nakakhala pa famu yao ku Mkushi. Kumeneko ndi kumene anafera mu Okutobala 1978, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe pafupi ndi famuyo. Dzina lao lili pa mseu wa ku Lusaka wopita ku nyumba ya wailesi. Zaka 50 za nyimbo zao zikwana mu 2028.